TIYI WOSASA WA KOMBUCHA: KODI ODWALA MATENDA A SHUGA AZIMWA KAPENA AYI?

Masiku ano dzina lakuti kombucha lafika ponseponse. Mukapita pa misika ya m'malire muno, kaya mbali yathu ino kaya mbali ya ku Malawi, mupeza mabotolo olembedwa dzinali atandandalikidwa pamodzi ndi zakumwa zina. M'matauni muli mabanja amene amadzifululira okha pakhomo, ndipo mbewu yake amagawana pachibale monga mmene timagawirana mbewu ya mbatata. Amene ali ndi mafoni amalandiranso mauthenga pa WhatsApp onena kuti chakumwachi chimatsuka m'mimba, chimabwezera mphamvu za abambo, ndiponso chimachiza matenda a shuga.

Mawu otsirizawa ndiwo ofunika kuwaunika bwino. Munthu wodwala shuga amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku moyo wake wonse, ndipo ambiri a inu mumayenda mtunda wautali kapena kulipira njinga yamoto kuti mukatenge mankhwalawo ku chipatala. Wina akabwera ndi kukuuzani kuti pali chakumwa chofulula nokha chimene chingakumasuleni ku zonsezi, mtima umakopeka ndithu. Koma akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tiyeni tifunse kaye tisanamwe.

KODI KOMBUCHA N'CHIYANI?

Kombucha ndi tiyi wamba, yemwe uja amalimidwa ku Gurué, ku Mulanje ndi ku Thyolo, wothira shuga wambiri kenaka n'kumusiya kuti asase. Chimene chimamusasitsa ndi mbewu yake: chinthu chofewa, choterera, chotumbuluka, chimene chimayandama pamwamba pa tiyiyo ngati chikopa chonyowa. Anthu a ku Russia amachitchula kuti bowa wa tiyi, ngakhale kuti si bowa ayi. Ndi nyumba ya tizilombo tosaoneka ndi maso ta mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi yisiti, wachibale wa yemwe uja amatupitsa buledi ndi mandasi. Mtundu wachiwiri ndi mabakiteriya a mtundu umene umapanga viniga.

Ntchito yawo imayenda motere. Yisiti amadya shuga n'kutulutsa mowa pang'ono ndi mpweya umene umachititsa thovu. Mabakiteriya aja amatenga mowawo n'kuusandutsa asidi wowawasa ngati wa mu viniga. Pakapita masiku 7 mpaka 14, tiyi uja amasintha kukoma, amayamba kuwawasa ndi kutsonya pa lilime. Choncho mu kapu iliyonse ya kombucha muli zinthu zinayi zoti wodwala shuga azidziwe: shuga wotsala, asidi, mowa pang'ono, ndi tizilombo tamoyo.

Chakumwachi si cha makolo athu. Akatswiri ambiri amati chidachokera cha kumpoto chakum'mawa kwa dziko la China, ndipo chidafalikira ku Russia ndi ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. M'zaka za m'ma 1990 chidatchuka ku United States, makamaka pakati pa anthu amene anali ndi kachilombo ka HIV, omwe ankayembekezera kuti chiwakwezera chitetezo cha m'thupi. Chiyembekezo chimenecho sichidakwaniritsidwe. Chimene chidadzapulumutsa miyoyo yawo ndi mankhwala a ma ARV.

MATENDA A SHUGA AKUKULA KWATHU KUNO

Kale tinkati shuga ndi nthenda ya anthu olemera a m'tauni. Lero sizili choncho. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique wa mu 2005 adapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 3 anali ndi matendawa. Kafukufuku wina wa mu 2014 ndi 2015 adapeza kuti chiwerengerocho chidapitirira 7 mwa 100, ndipo ambiri mwa anthuwo sankadziwa n'komwe kuti akudwala.

Nsima, mbatata, chinangwa, mpunga ndi buledi zikagayidwa m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Kuti shugayo achoke m'magazi n'kulowa m'minofu kukapereka mphamvu, pamafunika insulini, yemwe amapangidwa m'kapamba. Kapamba akalephera kupanga insulini wokwanira, kapena thupi likasiya kumumvera, shuga amangodzaza m'magazi. Munthu amayamba kumva ludzu kwambiri, kukodza pafupipafupi ngakhale usiku, kuonda, kutopa, ndipo zilonda zimachedwa kupola. A zaumoyo amati munthu ali ndi matendawa ngati shuga wake woyezedwa m'mawa asanadye kanthu wafika pa 7.0 mmol/L kapena kuposerapo, zomwe ndi chimodzimodzi 126 mg/dL.

Choopsa n'chakuti shuga wokwera amawononga mwakachetechete. Amawononga maso mpaka munthu kuchita khungu, amawononga impso, amapha mitsempha ya kumapazi mpaka chilonda chaching'ono cha khasu n'kufikitsa munthu podulidwa mwendo. Kuchepa mphamvu kwa abambo m'banja nakonso nthawi zambiri kumachokera ku shuga yemweyu. Munthu akhoza kusiya mankhwala n'kukhala miyezi ingapo akudzimva bwinobwino, pamene m'kati zinthu zikuwonongeka.

TIZILOMBO TABWINO TA M'MATUMBO

Tikamva mawu akuti tizilombo timaganiza za kolera kapena kamwazi. Koma si tizilombo tonse timene timadwalitsa. M'matumbo aakulu a munthu aliyense wathanzi muli mabakiteriya ochuluka zedi, pafupifupi 38 thiriliyoni, ndipo onse pamodzi amalemera ngati magalamu 200. Ambiri mwa iwo ndi otithandiza.

Chakudya chawo ndi mbali ija ya zakudya zakumunda imene mimba yathu siyitha kugaya: gaga wa chimanga, makoko a nyemba, mitsitsi ya m'masamba ndi m'zipatso. Zimenezi zikafika m'matumbo aakulu, tizilombo tija timazidya n'kutulutsa timadzi ta asidi tomwe timadyetsa ndi kulimbitsa khungu la m'kati mwa matumbo. Timadzi tomweto timathandizanso matumbo kutumiza uthenga ku kapamba kuti atulutse insulini pa nthawi yake, ndiponso ku ubongo kuti munthu amve kukhuta.

Mu 2012, ofufuza a ku China atayeza anthu 345 adapeza kuti odwala shuga anali ndi tizilombo tochepa ta mtundu wopanga timadzi tabwinoti poyerekeza ndi anthu athanzi. Patsogolo pake zidadziwikanso kuti metformin, mankhwala amene odwala shuga ambiri amalandira ku chipatala, nayenso amasintha tizilombo ta m'matumbo. Choncho n'zoona kuti pali ubale pakati pa matumbo ndi shuga wa m'magazi. Apa ndi pamene ogulitsa kombucha amagwira. Amati popeza chakumwa chawo chili ndi tizilombo tamoyo, ndiye kuti chimakonza matumbo, ndipo matumbo akakonzeka shuga atha. Mawuwa ndi okoma m'khutu, koma tiyeni tione zimene zidayesedwadi pa anthu.

ZIMENE OFUFUZA APEZA

Kafukufuku wambiri wa kombucha adachitika pa makoswe ndi mbewa za m'nyumba zofufuzira. Wochitika pa anthu ndi wochepa kwambiri.

Wodziwika bwino ndi amene adatuluka mu 2023 kuchokera ku yunivesite ya Georgetown ku Washington, mogwirizana ndi yunivesite ya Nebraska. Adatenga anthu 12 odwala shuga n'kumawapatsa kapu imodzi ya 240 ml tsiku lililonse kwa masabata 4. Shuga wawo wam'mawa adatsika kuchoka pa 164 kufika pa 116 mg/dL, ndiye kuti kuchoka pa 9.1 kufika pa 6.4 mmol/L. Anthu omwewo atapatsidwa chakumwa china chongofanana kukoma koma chosasasa, shuga adatsikanso, koma pang'ono, kuchoka pa 162 kufika pa 141 mg/dL.

Nkhaniyi idafalitsidwa kwambiri, ndipo ndi imene ambiri amatumizirana pa mafoni. Koma pali zinthu zitatu zimene mauthengawo satchula. Choyamba, anthu 12 ndi ochepa, sakwana n'komwe minibasi imodzi, ndipo eni ake ofufuzawo adanena kuti pakufunika kafukufuku wamkulu. Chachiwiri, kombuchayo adali wopangidwa ndi kampani ndi kuyezedwa bwino, osati wofulula pakhomo. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, anthuwo sadauzidwe kuti asiye mankhwala awo. Kombucha adangowonjezeredwa pamwamba pa chithandizo cha ku chipatala.

Kafukufuku wina adachitika ku yunivesite ya Stanford ndipo adatuluka mu 2021. Mwa anthu 36 athanzi, theka adauzidwa kudya zakudya zosasa zambiri kwa masabata 10, monga yogati, ndiwo zamasamba zosasitsa ndi kombucha. Mitundu ya tizilombo ta m'matumbo mwawo idachuluka. Koma awa sadali odwala shuga, ndipo kombucha adali chimodzi chabe mwa zakudya zambiri.

Tikaphatikiza zonsezi, tinganene kuti mwina kombucha wofulula bwino angathandizeko pang'ono. Koma palibe kafukufuku ndi mmodzi yemwe amene adasonyeza kuti amachiza matenda a shuga, kapena kuti angalowe m'malo mwa metformin, glibenclamide kapena jakisoni wa insulini.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU M'KATI MULI NYERERE

Choopsa choyamba ndi shuga weniweniyo. Pofulula, mu lita imodzi ya tiyi amathiramo magalamu 50 mpaka 100 a shuga. Supuni yaing'ono imodzi imanyamula pafupifupi magalamu 4, ndiye kuti ndi masupuni 12 mpaka 25. Tizilombo timadyako, koma sitimaliza yense. Wotsalayo amadalira masiku ndi nyengo. Tizilomboti timagwira bwino ntchito kukamafunda, pa madigiri 21 mpaka 29. M'miyezi yozizira ya June ndi July kumapiri a Angónia ndi Tsangano ntchito imachedwa, moti tiyi wa masiku 7 akhoza kukhala adakali wotsekemera ngati sobo. M'chigwa cha Tete mu October amasasa mwamsanga mpaka kupitirira muyeso. Pakhomo palibe chida choyezera shuga wotsala. Lilime lokha ndilo mboni: ngati akutsekemera, shuga alimo.

Za m'mabotolo a pa msika nazonso zimafuna kusamala. Ena mwa mabotolowa amawonjezeramo shuga kapena madzi a zipatso. Werengani pepala la pa botolo. Mukaona kuti shuga wafika magalamu 10 pa 100 ml, dziwani kuti sichikusiyana ndi refresco. Botolo lopanda pepala lofotokoza zimene zili m'kati lisiyeni.

Choopsa chachiwiri ndi mowa. Kombucha wofulula pakhomo akhoza kukhala ndi mowa wofika magawo 1 mpaka 3 pa 100, makamaka ngati watsekeredwa m'botolo masiku ena. Kwa munthu amene akumwa glibenclamide kapena kubaya insulini, mowa ukhoza kugwetsa shuga mwadzidzidzi, makamaka akamwa m'mimba mulibe kanthu.

Choopsa chachitatu ndi asidi. Mu 1995 amayi awiri a m'dera la Iowa ku United States adagonekedwa m'chipatala magazi awo atachuluka asidi, ndipo mmodzi adamwalira. Onse awiri ankamwa kombucha wofulula pakhomo tsiku ndi tsiku kwa miyezi pafupifupi iwiri. Ofufuza sadathe kutsimikiza kuti tiyiyo ndiye yekha adachititsa, koma bungwe la zaumoyo la m'dzikolo, CDC, lidachenjeza anthu. Mu 2009 madokotala a m'dziko lomwelo adalemba za mnyamata wa zaka 22 yemwe anali ndi HIV, amene impso zake zidasiya kugwira ntchito patangopita maola ochepa atamwa kombucha. Nkhani zotere sizichitika kawirikawiri, koma wodwala shuga ayenera kuzimvetsera, chifukwa matenda ake paokha, komanso metformin pa munthu wa impso zofooka, zikhoza kuchulukitsa asidi m'magazi. Asidi yemweyu amadyanso mano, pamene odwala shuga amavutika kale ndi matenda a nkhama.

Choopsa chachinayi ndi chiwiya chofululiramo. Asidi amasungunula zitsulo ndi utoto. Mu 1998 ku Australia, bambo wina ndi mkazi wake adapezeka ndi poizoni wa mtovu m'magazi atamwa kwa miyezi 6 kombucha wofulula mu mtsuko wadothi wopaka utoto wonyezimira. Kwathu kuno choopsa china ndi zigubu ndi ndowa zimene kale munali mankhwala a mbewu, feteleza kapena mafuta a galimoto.

Choopsa chachisanu ndi uve. Madzi oipa, manja osasamba ndi ntchentche zimalowetsa tizilombo toyambitsa matenda komanso chuku. Kutsegula m'mimba kumene wina amapola masiku awiri, kwa wodwala shuga kukhoza kusokoneza shuga ndi kuumitsa thupi mpaka kugonekedwa.

AWA ASAMWE N'KOMWE

Pali anthu amene kwa iwo yankho ndi lakuti ayi. Amayi oyembekezera, kuphatikizapo amene shuga wawakwera chifukwa cha pakati, komanso amayi oyamwitsa. Ana aang'ono. Anthu amene chitetezo chawo cha m'thupi chatsika chifukwa cha HIV, khansa kapena matenda ena. Amene ali ndi vuto la impso kapena chiwindi, ndi amene akumwa mankhwala a TB, omwe amalemetsa kale chiwindi. Amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena amavutika ndi kutentha pa mtima. Amene adasiya mowa ndipo akulimbana kuti asabwererenso. Ndiponso aliyense amene shuga wake sadakhazikike, amangokwera ndi kutsika.

NGATI MWASANKHA KUFULULA NDI KUMWA

Ngati simuli m'gulu limeneli ndipo mukufunabe kuyesa, yambani mwafunsa anamwino kapena adokotala amene amakuonani. Musachite manyazi, ndipo musawabisire. Akavomera, tsatani izi.

Gwiritsani ntchito botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, lotsukidwa ndi sopo ndi madzi otentha. Musafululire mu sefuliya ya aluminiyamu, m'chitini, mu mtsuko wopaka utoto, kapena m'chigubu chimene simukudziwa mbiri yake. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire mbewu.

Wiritsani lita imodzi ya madzi, thiranimo masupuni aang'ono 3 a masamba a tiyi ndi masupuni aakulu 5 a shuga. Sefani, ndipo dikirani azizire kaye, chifukwa madzi otentha amapha mbewu. Musayese kufulula wopanda shuga kapena kuchepetsa kwambiri poganiza kuti mukudziteteza. Tizilombo tikasowa chakudya asidi sakwanira, ndipo chuku chimapeza mpata. Thiranimo theka la kapu mpaka kapu imodzi ya kombucha wakale wosasa bwino pamodzi ndi mbewu ija. Wakaleyu ndi amene amateteza tiyi watsopano m'masiku oyambirira.

Vindikirani ndi kansalu koyera, mumange ndi mphira kuti ntchentche ndi nyerere zisalowe koma mpweya uzipita. Ikani pamalo ofunda, pamthunzi, kutali ndi utsi wa kukhitchini. Kwa wodwala shuga, musamwe asanakwane masiku 10, ndipo nyengo yozizira adikire koposa apo, mpaka kutsekemera kutachepa. Koma akafika powawasa ngati viniga weniweni, wapitirira, musamwe. Mukaona chuku cha ubweya, chobiriwira, chakuda kapena choyera pamwamba, tayani zonse pamodzi ndi mbewu yomwe. Musangochotsa pamwamba pokha.

Muyeso wake ndi theka la kapu, pafupifupi 120 ml, kamodzi pa tsiku, pamodzi ndi chakudya. Mukhoza kusungunula ndi madzi abwino. Musathiremo shuga, uchi kapena madzi a zipatso. Mukatha kumwa chukuchani m'kamwa ndi madzi.

Amene ali ndi kamakina koyezera shuga ayeze asanadye ndiponso patapita maola 2 atadya ndi kumwa. Kwa odwala ambiri shuga wa pambuyo pa chakudya sayenera kupitirira 10 mmol/L, yomwe ndi 180 mg/dL. Ife a m'malire timalandira chithandizo mbali zonse ziwiri, ndipo makina ena amawerenga mu mmol/L pamene ena amawerenga mu mg/dL. Kuti musasokonezeke, kumbukirani kuti 1 mmol/L ndi chimodzimodzi 18 mg/dL. Lembani zotsatira m'kabuku kamodzi ndipo muzikaonetsa kulikonse kumene mwapita.

Mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, kumva njala yadzaoneni, chizungulire kapena mtima kuthamanga, ndiye kuti shuga watsika kwambiri. Imwani msanga madzi osungunuliramo masupuni aang'ono 4 a shuga, dikirani mphindi 15, kenaka idyani chakudya. Achibale a pakhomo azidziwe zimenezi, ndipo munthu akakomoka asamuthire kanthu m'kamwa koma athamangire naye ku chipatala. Chimodzimodzinso wina akayamba kusanza, kupweteka m'mimba, kufooka kwambiri ndi kupuma mofulumira ngati wathamanga, musadikire kuti kuche.

NANGA THOBWA NDI MAHEU?

Wina afunsa kuti, nanga ife tili ndi zakumwa zathu zosasa, bwanji osangomwa zimenezo? Funsoli ndi labwino. Thobwa ndi maheu zikagona tsiku limodzi kapena awiri zimakhaladi ndi tizilombo ta mtundu umene umasasitsa mkaka, ndipo kuwawasa kwake kumathandiza kuti zisawonongeke msanga. Kwa munthu wathanzi amene wachoka kumunda ndi chakumwa chabwino.

Koma kwa wodwala shuga pali vuto. Thobwa ndi phala la chimanga lothira chimera cha mawere, mapira kapena chimanga. Ntchito ya chimera ndi kuphwanya ufa uja n'kuusandutsa shuga, n'chifukwa chake phala lolimba limasungunuka n'kuyamba kutsekemera ngakhale simudathiremo shuga wa m'sitolo. Ndiye ambiri timawonjezeranso shuga pamwamba. Chikho chachikulu cha thobwa chikhoza kukweza shuga wa m'magazi mofulumira kuposa nsima, chifukwa chakumwa sichichedwa m'mimba. Pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa maliro pamene thobwa likuyenda m'ndowa, wodwala shuga alandire kapu yaing'ono yokha ya losathira shuga, ndipo achepetse nsima ya tsikulo. Inu eni mwambo musamukakamize mlendo amene wakana chikho chachiwiri. Si mwano ayi, akusamala moyo wake.

Chosasa chimene chili bwino koposa kwa wodwala shuga ndi chambiko kapena yogati wosathira shuga. Kumadera kumene kuli ng'ombe, mkaka uyambe wawiritsidwa usanasasitsidwe, chifukwa mkaka wosawiritsa ukhoza kupatsira TB ndi matenda ena ochokera ku ziweto.

CHAKUDYA CHA TIZILOMBO TABWINO CHILI M'MUNDA MWANU

Tanena kale kuti tizilombo tabwino tili kale m'matumbo mwanu. Chimene timasowa kawirikawiri ndi chakudya. Pa mfundo imeneyi umboni ndi wolimba kuposa wa kombucha. Mu 2018 ofufuza a ku China adalemba za odwala shuga 43 amene adawatsata kwa masabata 12. Onse ankamwa mankhwala ofanana, koma gulu lina lidapatsidwa chakudya chokhala ndi gaga wambiri. M'gulu limeneli tizilombo topanga timadzi tabwino tija tidachuluka, ndipo shuga wawo adatsika kuposa wa anzawo. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya magalamu 400 a masamba ndi zipatso tsiku lililonse, ndi magalamu osachepera 25 a zakudya za mtundu wa gagazi.

Zimenezi sitigula ndi ndalama zambiri. Nsima ya mgaiwa ili ndi gaga amene ufa woyera udataya pokonola ndi ponyika. Mawere ndi mapira nazonso ndi zabwino. Nyemba, khobwe, nandolo, nzama, soya ndi mtedza zimakhutitsa ndipo sizikweza shuga mofulumira. Bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, kholowa, chigwada, luni, therere ndi mpiru zili pa dimba ndi kuseri kwa nyumba, ndipo mfutso umatisungira masamba mpaka chilimwe. Gwafa, malambe, masau ndi mapichesi muzidya zipatso zake zenizenizo pang'ono, osati kufinya madzi ake n'kuthira shuga.

Pa mbale yanu, theka likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, usipa, dzira kapena nyama, ndipo gawo lotsalalo ndilo la nsima, yosaposa chibakera chanu. Mgaiwa nawonso umakweza shuga ukachuluka. Ngati simudazolowere nyemba ndi masamba ambiri, onjezerani pang'onopang'ono ndipo muzimwa madzi okwanira kuti mimba isadzaze mpweya. Onjezeraninso kuyenda kapena kugwira ntchito yolimbitsa thupi kwa mphindi 30 pa tsiku, ndipo muzisuzumira mapazi anu madzulo aliwonse ngati mulibe chilonda.

MAWU OTSIRIZA

Amayi ndi abambo, kombucha ndi chakumwa, si mankhwala. Wodwala shuga amene impso ndi chiwindi chake zili bwino, amene wafunsa ku chipatala, akhoza kumwa theka la kapu ya wosasa bwino ndi wofulula mwaukhondo. Amene sakumwa sakutaya kanthu, chifukwa zimene matumbo ake akufuna zili m'nkhokwe ndi pa dimba. Koma amene wasiya mapiritsi kapena jakisoni chifukwa cha tiyi ameneyu waika maso, impso ndi miyendo yake pa chiswe.

Ngati muli ndi zaka zoposa 40, kapena kubanja kwanu kuli wodwala shuga, kapena mukuona zizindikiro zimene tatchula zija, pitani ku Centro de Saúde yapafupi mukapemphe kuyezedwa. Musadikire tsiku lokumbukira matendawa pa 14 November. Ndipo inu amene mwawerenga nkhaniyi, awerengereniko agogo, amalume ndi anansi amene satha kuwerenga, makamaka amene mukudziwa kuti ali pa mankhwala a shuga.